Momwe mungazengere mlandu wa njovu zaubweya pa bwalo la mpira la sukulu

Aphunzitsi anzanga a bayoloje ndi jogalafe, makamaka inu amene munasenzetsedwa kilabu ya zachilengedwe popanda buku kapena ndalama, phunziro ili silifuna labotale. Pezani bwalo la mpira, chidebe cha phulusa, makatoni akale opempha kugolosale, makala olembera, ndi nyemba zodzaza kapu. Ine ndimalichita ndi ana a Fomu 3 kuno ku Lilongwe, m'chilimwe bwalo likauma, chifukwa phulusa limaoneka bwino pa dothi lofiira.

Nkhani yake ndi iyi. Zaka 50,000 zapitazo pafupifupi dera lililonse la dziko lapansi linali ndi zinyama zikuluzikulu. Pofika zaka 10,000 zapitazo zambiri zinali zitatheratu. Ku North America kunatha magulu a mitundu oposa 30, ku South America pafupifupi 50, ndipo ku Australia kunatsala zochepa kwambiri. Akatswiri akamati nyama yaikulu amatanthauza yolemera makilogalamu 44 kupita m'tsogolo, ndiye auzeni ana aganizire thumba la chimanga lochotsedwako pang'ono. Anazitha ndani? Akatswiri akhala akukangana kwa zaka zambiri ndipo sanamvanebe. Mlandu suwola, choncho ife timauzenga pabwalo ngati kwa amfumu. Chimene ndimafuna ana atenge n'chimodzi: wozengedwa aliyense afunsidwe kuti anali kuti, ndipo anafika liti.

Yambani ndi kuchotsa ma dinosaur

Mukangotchula nyama zakale, wina akweza dzanja n'kunena za chimwala chimene chinagwa kuchokera kumwamba, winanso amene anafikako ku Karonga atchula Malawisaurus wa kunyumba yosungira zakale kuja. Musawadule, koma konzani nthawi yomweyo. Ma dinosaur anatha zaka 66 miliyoni zapitazo, kulibe munthu. Zinyama za mlandu wathuwu zinaonana ndi anthu ngati ife maso ndi maso, ndipo ena anazijambula m'mapanga ku France ndi ku Spain.

Kenako lembani maina pa makatoni, mwana aliyense anyamule lake. Mammoth, njovu yaubweya wautali ya ku Siberia, Europe ndi North America. Chipembere chaubweya. Megatherium wa ku South America, wolemera matani pafupifupi 4, amene ankatha kuimirira ndi miyendo yakumbuyo n'kumakoka nthambi. Glyptodon wachigoba thupi lonse. Smilodon, mphaka wamkulu wa mano awiri ataliatali. Diprotodon wa ku Australia, wonyamula mwana m'thumba lapamimba, wolemera makilogalamu pafupifupi 2,700. Musaiwale hatchi ndi ngamila, chifukwa ana amadabwa kumva kuti zinaliko ku North America, zinatha, ndipo mahatchi anabwereranso kumeneko ndi anthu a ku Spain zaka 500 zokha zapitazo.

Yezani nthawi ndi mapazi

Apa m'pamene ndimathera nthawi yambiri, ndipo musafulumire. Mzere wa pagolo ukhale lero. Sitepe imodzi yaikulu, ya mita imodzi, ikhale zaka 1,000. Mwana mmodzi aziyenda akuwerenga mokweza, wina azithira phulusa, wachitatu aziika katoni n'kuitsendereza ndi mwala kuti mphepo isaulutse.

Pa sitepe 4 ikani mammoth omaliza a pa chilumba cha Wrangel, kumpoto kwa Siberia. Pamene ankafa, mapiramidi a ku Giza anali atamangidwa kale. Pakati pa 5 ndi 6 ikani mammoth a pa chilumba cha St Paul ku Alaska. Pafupi ndi 12 lembani kuti nyengo ya madzi oundana inatha, zaka 11,700 zapitazo. Pafupi ndi 13 pamadzaza makatoni, chifukwa pamenepa mpamene pali alenje akale a ku North America otchedwa Clovis, kuzizira kwadzidzidzi kotchedwa Younger Dryas kumene kunayamba zaka 12,900 zapitazo, komanso imfa za zinyama zambiri za ku America. Pafupi ndi 15 pali kutentha kwadzidzidzi kwa zaka 14,700 zapitazo. Pa 21 pali pachimake pa kuzizira, pamene nyanja zamchere zinatsika mamita pafupifupi 120 ndipo munthu ankatha kuyenda pansi kuchoka ku Siberia kukafika ku Alaska. Ndiye pitirirani mpaka pakati pa 40 ndi 45, pafupi ndi pakati pa bwalo, muikepo Diprotodon ndi anzake a ku Australia. Pa 50 ikani anthu atafika kale ku Australia.

Mukatha, afunseni ana kuti dinosaur timuika pati. Pa muyeso womwewu ndi makilomita 66, kutanthauza kutuluka mumzinda pa msewu wa M1, kudutsa Lumbadzi mpaka kupitirira Mponela. Akamva zimenezi sasokonezanso.

Tsopano aimitseni m'mbali mwa bwalo ayang'ane okha. Musanene kanthu. Wina aona ndithu kuti makatoni a imfa sanaunjikane malo amodzi: a ku Australia ali kutali uko, a ku America ali pafupi ndi 13, a pazilumba ali pafupi ndi golo. Mwana amene waona zimenezi mumuyamikire, chifukwa wagwira mutu wa mlandu wonse.

Chenjezo limodzi pa madetiwa. Ambiri amachokera ku njira yoyeza kaboni wa m'mafupa, amene theka lake limatha pa zaka 5,730 zilizonse. Ikafika pa zaka 50,000 njirayi imasiya kugwira bwino, n'chifukwa chake mlandu wa ku Australia uli wovuta. Komanso fupa lomaliza kupezeka si nyama yomaliza kufa. Uzani ana kuti katoni iliyonse ikhoza kusunthidwa mafupa ena akafukulidwa.

Ozengedwa

Gawani ana m'magulu. Gulu lililonse likhale ndi wozengedwa wake, ena oneneza, ena oteteza. Sankhani mfumu ndi nduna zake zitatu. Ndimakonda kupereka ufumu kwa mwana wofatsa amene sakonda kulankhula m'kalasi, chifukwa amamvetsera.

Woyamba ndi nyengo. Oneneza anene kuti dziko litatentha, dambo lalikulu la udzu wouma limene linkayala kuchokera ku Europe mpaka ku Alaska linasanduka nkhalango ndi zithaphwi, ndipo zinyama zodya udzu zinasowa msipu. Ali ndi umboni wabwino pa chipembere chaubweya: kafukufuku wa DNA wa mu 2020 anaonetsa kuti chiwerengero chake chinali chokhazikika kwa zaka zambiri anthu ali kale ku Siberia, ndipo chinatha pafupifupi zaka 14,000 zapitazo, kutentha kutangobwera. Oteteza ali ndi funso limodzi lolemera. M'zaka 800,000 zapitazi dziko lazizira n'kutenthanso maulendo angapo, pafupifupi zaka 100,000 zilizonse. Zaka 125,000 zapitazo kunatentha mpaka mvuu zinkakhala pamene lero pali London, ndipo mafupa ake anafukulidwa pansi pa Trafalgar Square. Mammoth anapulumuka nthawi zonsezo. Nanga ulendo womalizawu chinasiyana n'chiyani?

Wachiwiri ndi munthu. Amene anakweza kwambiri mlanduwu ndi Paul Martin wa ku University of Arizona, kuyambira m'ma 1960. Iye anati alenje atalowa mu America anapeza nyama zimene sizinaonepo munthu, zosadziwa kuthawa, ndipo anazitha mofulumira akutsikira kumwera. Oneneza atulutse mammoth wa ku Naco ku Arizona, amene anapezeka ndi nsonga za mikondo za miyala 8 pakati pa mafupa ake. Oteteza ayankhe kuti malo otsimikizika opherako nyama zotere ku North America safika 20, ndipo ambiri ndi a mammoth ndi abale ake, pamene mitundu yambiri imene inatha ilibe umboni wa mkondo. Awonjezere kuti njati za kumeneko zinkasakidwa kwambiri koma zinapulumuka. Ndipo mu 2021 kunalengezedwa za mapazi a anthu ku White Sands ku New Mexico, a zaka 21,000 mpaka 23,000 zapitazo. Mwana apite akaike katoni imeneyo pabwalo, onse aone kuti anthu anakhala ndi zinyamazi masitepe ambiri zisanathe.

Wachitatu ndi mliri, ganizo la Ross MacPhee ndi Preston Marx la mu 1997, loti anthu kapena agalu awo anabweretsa matenda achilendo. Wachinayi ndi nyenyezi yamchira imene gulu la Richard Firestone linanena mu 2007 kuti inaphulikira pamwamba pa North America zaka 12,900 zapitazo. Awiriwa musawapatse nthawi yaitali. Kachilombo koteroko sikanapezeke m'mafupa, ndipo mliri wa rinderpest umene unasesa ng'ombe ndi njati mu Africa m'ma 1890 sunakhudze njovu kapena mbidzi, komanso njatizo zinachulukananso. Nyenyezi ija nayo siingafotokoze za ku Australia, kumene zinyama zinali zitafa kale zaka pafupifupi 30,000 m'mbuyomo, ndipo akatswiri ambiri sanakhutire ndi umboni wake. Ana amaikonda nyenyeziyi chifukwa ndi yochititsa chidwi. Aloleni aiteteze ndi mtima wonse, bwalo lomwelo liwayankha.

Mboni zitatu

Mboni yoyamba ndi ndowe, ndipo ana amaseka akamva, koma ndi mboni yolimba. Pali kabowa kakang'ono kotchedwa Sporormiella kamene kamamera pa ndowe za nyama zodya udzu. Timbewu take timagwera m'nyanja n'kukwiririka m'matope, chaka ndi chaka, pamodzi ndi mungu wa mitengo ndi tizidutswa ta makala a moto wolusa. Ukaboola matopewo ndi paipi n'kutulutsa, pansi pali zakale, pamwamba zatsopano. Jacquelyn Gill ndi anzake anachita zimenezi pa nyanja ya Appleman ku Indiana, ndipo mu 2009 anaonetsa kuti timbewu ta kabowaka tinayamba kuchepa zaka 14,800 zapitazo n'kutsikiratu pofika 13,700. Kusintha kwa mitengo ndi kuchuluka kwa makala kunabwera pambuyo pake. Ku Lynch's Crater ku Queensland anapeza mndandanda wofanana pa zaka 41,000 zapitazo: ndowe zinayamba kusowa, kenako moto, kenako nkhalango inasintha, nyengo isanasinthe kwambiri.

Kuti ana amvetse, tengani botolo lapulasitiki lodulidwa pamwamba. Thirani mchenga wosakaniza ndi mapira ambiri, pamwamba pake mchenga wa mapira ochepa, pamwamba penipeni mchenga wosakaniza ndi makala opera. Mapira ndi timbewu ta bowa. Funsani kuti chinayamba n'chiti. Akayankha, funsaninso: ngati zinyama zinachepa mitengo isanasinthe, kodi kusintha kwa mitengo kungakhale kumene kunazipha pamalo amenewo? Ndipo ngati zinachepa pa sitepe 14, nyenyezi ya pa sitepe 13 inali itafika? Nthawi zambiri oteteza nyenyezi amakhala chete pamenepa. Koma akumbutseninso oneneza munthu kuti alenje a Clovis nawo ali pa 13, ndiye ngati ndi anthu anachita, anali anthu ena oyambirira.

Mboni yachiwiri ndi zilumba. Nyengo ikasintha siilambalala chilumba, koma munthu wopanda bwato amachilambalala. Abale a Megatherium anatha kumtunda zaka zoposa 10,000 zapitazo, koma ku Cuba ndi ku Hispaniola abale awo aang'ono anakhalabe mpaka zaka 4,000 kapena 5,000 zapitazo, anthu atafikako. Ku New Zealand mbalame zazikulu zosauluka zotchedwa moa zinapirira nyengo zonse za madzi oundana, koma anthu atafika cha m'ma 1300 zinatha pasanathe zaka 200. Katoni yake imakhala pa sitepe yosakwana imodzi kuchokera pagolo. Mboni imeneyi imalemera mbali ya oneneza munthu. Komabe oteteza ali ndi St Paul, kumene mammoth anatha zaka 5,600 zapitazo munthu asanapondeko, ndipo umboni umaloza ku kuchepa kwa chilumba ndi kusowa kwa madzi akumwa.

Mboni yachitatu ndi ife. Funsani ana chifukwa chake ku Kasungu ndi ku Liwonde kukadali njovu, mvuu ndi njati, pamene ku America zambiri zofanana nazo zinatha. Africa ndiye anataya zochepa. Zinatha ndithu zina, monga njati yaikulu ya nyanga zotambalala mamita pafupifupi 3, koma zambiri zilipo. Yankho limene akatswiri ambiri amapereka n'lakuti munthu anakulira kuno. Chibwano cha munthu wakale chimene chinapezeka ku Uraha ku Karonga mu 1991 chili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Luso la kusaka linkakula pang'onopang'ono, nyama nazo zinkaphunzira mantha pang'onopang'ono. Ndipo nyengo kuno sinali yofatsa. Matope amene anaboola pansi pa nyanja ya Malawi mu 2005 anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa mpaka nyanja inatsika mamita mazanamazana. Njovu zinadutsamo.

Ndimakonda kuwonjezera nkhani ya kwa Mwanganda, ku Karonga komweko, chifukwa imaphunzitsa kudekha. M'ma 1960 Desmond Clark anafukula mafupa a njovu pamodzi ndi zida za miyala, ndipo kwa zaka zambiri malowa ankatchulidwa ngati posendera njovu. Akatswiri amene anabwerera pamalopo pambuyo pake anayezanso dothi n'kukayika ngati mafupa ndi zidazo zinagwera pamenepo nthawi imodzi. Choncho mwana akanena kuti fupa ndi mpeni zapezeka pamodzi, nduna zimufunse kuti akudziwa bwanji kuti zinabwera limodzi.

Wina adzafunsa za Majete, kumene njovu zinatheratu pofika 1992 mpaka zinachita kubwezedwa African Parks itayamba kuyang'anira malowa mu 2003. Ndi funso labwino. Mantha amene anateteza njovu ku mkondo sanaiteteze ku mfuti ndi msika wa minyanga. Liyankheni mwachidule, mubwerere ku mlandu.

Nyemba

Oteteza munthu amakhala ndi mfundo imodzi imene ana onse amaivomera: anthu ochepa a mikondo sangathe kupha njovu zonse za dziko lalikulu. Nyemba ndi zoyankhira mfundo imeneyi. Njovu imakhala ndi bere miyezi 22, imabereka mwana mmodzi, ndipo pamadutsa zaka 4 kapena 5 isanaberekenso. Mammoth anali mbale wake wapafupi.

Khalani pansi mozungulira, muwerenge nyemba 100 pa lichero. Manambala awa ndi a masewera chabe, ndipo auzeni ana choncho. Ulendo woyamba ndi wa mvula yabwino ndi alenje: chaka chilichonse onjezani nyemba 5 pa 100 zilizonse zimene zilipo, chotsani 4. Mulu sukuchepa. Ulendo wachiwiri ndi wa chilala popanda alenje: onjezani 2 pa 100, osachotsa. Mulu ukukula, ngakhale mochedwa. Ulendo wachitatu phatikizani: onjezani 2 pa 100, chotsani 4. Poyamba sizioneka, nyemba zimangochepa ziwiriziwiri. Mulu ukafika pakati kuchepako kumathamanga, ndipo pofika chaka cha 35 kapena pamenepo lichero limakhala lopanda kanthu. Mwana amene ankachotsa uja mumufunse ngati anawonjezerapo dzanja. Ayankha kuti ayi, ankatenga 4 basi.

Apa ana amamvetsanso chifukwa chake malo opherako nyama angakhale ochepa koma munthu n'kukhalabe ndi mlandu, komanso chifukwa chake mbewa ndi akalulu, zoswana msanga, sizinathe. Ku La Brea ku Los Angeles, kumene zinyama zinkatitimira m'phula, kafukufuku wa mu 2023 anapeza kuti mitundu 7 inasowa pofika zaka 12,900 zapitazo, panthawi ya kutentha, chilala ndi moto wolusa wochuluka umene olembawo anaugwirizanitsa ndi anthu. Ana a kuno safuna kufotokozeredwa zambiri za moto wa m'tchire, amauona chaka chilichonse anzawo akusaka mbewa.

Chigamulo

Lamulo limodzi kwa amfumu ndi nduna: saloledwa kupereka chigamulo chimodzi cha dziko lonse. Agamule Australia payekha, America payekha, kumpoto kwa Europe ndi Asia payekha, zilumba pazokha, ndipo pa chigamulo chilichonse atchule katoni kapena mboni imene yawakhutiritsa. Akatswiri enieni anafika pofananapo. Kafukufuku wamkulu wa DNA wa mu 2011, wotsogoleredwa ndi Eline Lorenzen, anapeza kuti mtundu uliwonse unali ndi nkhani yake: chipembere chaubweya chikhoza kufotokozedwa ndi nyengo yokha, hatchi ndi njati za ku Europe ndi Asia zinavutika ndi nyengo ndi anthu pamodzi, ndipo za mammoth sanathe kutsimikiza.

Ana adzakufunsani maganizo anu. Musabise, koma dikirani amfumu amalize. Ine ndimawauza kuti ndimaona munthu ali ndi gawo lalikulu, chifukwa makatoni a imfa pabwalo amatsatira kafikidwe ka anthu kuposa momwe amatsatira kusintha kwa nyengo, ndipo zilumba zimandikhutiritsa kwambiri. Ndimawauzanso kuti kumpoto kwa Asia nyengo ndiyo imaoneka kutsogolera, ndipo pali akatswiri odziwa zambiri kuposa ine amene amaipatsa gawo lalikulu ngakhale ku America. Mwana amene watsutsana nane ndi umboni ndimamupatsa malikisi ofanana ndi amene wagwirizana nane.

Ntchito yakunyumba ikhale yofunsa. Aliyense apeze agogo kapena wachikulire wina, kaya ku Mitundu, kaya kufupi ndi Dzalanyama, kaya kumudzi kwawo patchuthi, awafunse nyama imene ankaiona ali ana koma lero kulibe. Alembe dzina la nyamayo, malo ake, chaka chimene anaiona komaliza monga akukumbukira, ndi chimene chinasintha m'deralo chisanafike chaka chimenecho: minda yatsopano, kuotcha makala, msewu, mtsinje kuuma, misampha. Ngati agogo sakumbukira chaka, mwana awathandize ndi zochitika zodziwika, monga ufulu wa 1964, kusamukira kwa likulu ku Lilongwe mu 1975, kapena njala ya 2002. Mayankhowo akabwera, yezaninso bwalo, koma tsopano sitepe imodzi ikhale chaka chimodzi, ndipo magulu omwe aja a oneneza ndi oteteza asinthane mbali.